Maloboti M'sukulu: Kodi Nkhotakota Iyambire Pati?

Nkhani ya makina otchedwa maloboti, imene kale inali kumveka ngati nthano ya maiko akutali, tsopano yalowa m'misonkhano ya akuluakulu a maphunziro m'dziko muno. Masomphenya a Malawi 2063, amene Boma linakhazikitsa mu Januwale 2021, amaika sayansi ndi luso la makina pakati pa zinthu zimene zidzatukule dziko, ndipo kuyambira mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba kugawa matabuleti ophunzirira m'sukulu za pulayimale. Chotero funso limene aphunzitsi ndi antchito a Boma a m'maboma a kunyanja ayenera kuliganizira mofatsa ndi ili: kodi makina amenewa ali ndi malo m'sukulu ya ku Nkhotakota, kumene ana ambiri amakhalabe pansi pophunzira? Ngati malowo alipo, ntchito iyambire pati?

Funsoli si la masewera ayi. Ndalama za maphunziro n'zochepa, ndipo kwacha iliyonse imene yapita ku makina ndi kwacha imene sinapite ku mabuku, madesiki kapena nyumba ya mphunzitsi. Komatu mbali inayo ilinso ndi choopsa chake. Ngati ana a m'mizinda adzayamba kuphunzira za makinawa akali aang'ono, pamene ana a asodzi a ku Chia ndi a alimi a mpunga a ku Bua akungomva mbiri yake, mpata umene ulipo kale pakati pa mzinda ndi mudzi udzakula koposa. Akale anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo palibe amene amadziwa kulemera kwa mchenga kuposa munthu wa kunyanja.

Loboti n'chiyani?

Kwa munthu wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, maloboti ndi nyali za pamphambano zimene zimaimitsa ndi kuyendetsa magalimoto. Dzinalo silinalakwike kwenikweni, pakuti nyalizo zimagwira ntchito ya wapolisi popanda munthu kuimapo. Mawuwa anamveka koyamba mu 1920 m'sewero la mlembi Karel Čapek wa ku Czechoslovakia, ndipo anachokera ku liwu la chinenero cha kwawoko limene tanthauzo lake lili pafupi ndi thangata, ntchito yokakamiza imene anthu a m'dziko muno anaidziwa bwino m'minda ya atsamunda. Loboti loyamba la m'fakitale linayamba ntchito mu 1961 ku kampani ya General Motors ku America, kumene linkanyamula zitsulo zamoto zimene zinali kuvulaza anthu.

Loboti lililonse, laling'ono kapena lalikulu, lili ndi zigawo zitatu. Pali tizipangizo tomvera, timene timazindikira kuwala, kutentha, chinyezi kapena kutalika kwa chinthu. Pali kakompyuta kamene kamalandira uthengawo ndi kuuyesa potsata malangizo amene munthu analemba. Ndipo pali ziwalo, monga mota, mateyala, mkono kapena mapiko, zimene zimachita chimene kakompyutako kalamula. Choyenera kukumbukira n'chakuti malangizowo amachokera kwa munthu. Loboti limene lalangizidwa molakwa limalakwa mokhulupirika, tsiku ndi tsiku, kufikira munthu wina atazindikira polakwikapo.

Pa za maphunziro, anthu amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi makina ophunzitsa mwana, amene amampatsa funso, kulandira yankho, ndi kumuuza ngati wakhoza. Ganizo limeneli analitchukitsa B. F. Skinner wa ku Harvard m'zaka za m'ma 1950. Chachiwiri ndi makina amene mwana amawapanga yekha ndi kuwalangiza. Njira imeneyi anaiyamba Seymour Papert, munthu wobadwira ku South Africa, amene mu 1967 iye ndi anzake anakonza chinenero cha kompyuta chotchedwa Logo kuti ana azilangiza nacho kaloboti kooneka ngati kamba. Papert ankaphunzitsa kuti mwana amene akuyesa kulangiza makina amakakamizika kulongosola maganizo ake mwadongosolo, ndipo akalakwa amaona yekha pamene walakwa. M'njira yoyamba makina ndiwo amatsogolera mwana. M'njira yachiwiri mwana ndiye amatsogolera makina. Mtengo wake, phindu lake ndi zofunika zake n'zosiyana, ndipo amene akukonza bajeti ayenera kudziwa kuti akugula chiti.

Phunziro la sitima ya panyanja

Anthu a ku Nkhotakota si achilendo pa nkhani ya makina obwera ndi maphunziro. Amishoni a UMCA anatsegula malo awo pa Linga mu 1894, ndipo chaka chotsatira Bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja naikidwa komweko, pamene pali tchalitchi cha All Saints. Pomukumbukira, anzake anakonzetsa sitima ku Glasgow, imene inaphwasulidwa ndi kutumizidwa m'mitolo yoposa 3,000 kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire, ndipo pa mathithi anthu ankaisenza pamtunda. Tsoka ilo, mankhwala oteteza dzimbiri amene anakutira nawo zitsulo anakwirira manambala osonyeza malo a chitsulo chilichonse. Ntchito yolumikiza inatenga zaka ziwiri, ndipo sitima ya Chauncy Maples inalowa m'madzi mu 1901.

Sitimayo inali tchalitchi, chipatala ndi sukulu nthawi imodzi. Inkayenda m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, kunyamula aphunzitsi ndi mabuku, ndipo anyamata ena ankaphunzira ntchito ya uphunzitsi m'sitima momwemo. Inatumikira mishoni zaka zoposa 50. Chinsinsi cha moyo wake wautali sichinali chitsulo cha ku Glasgow chokha. Ku Malindi kunali nyumba yokonzera makina. M'madoko munali anthu odula nkhuni zosonkhera moto wa injini. Ndipo kunali amisiri a m'dziko muno amene anaphunzira kuyendetsa ndi kukonza injiniyo. Zinthu zitatu zimenezi, mphamvu yoyendetsera, malo okonzera ndi anthu ophunzitsidwa, ndizo zimene makina aliwonse a m'sukulu amafuna kufikira lero.

Kuchokera ku wailesi kufika ku tabuleti

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma linayesa kufikira ana ambiri pogwiritsa ntchito makalata ndi wailesi. Sukulu yophunzitsa mwa makalata ya Malawi Correspondence College inatsegulidwa mu 1965, ndipo malo ake a m'midzi ndiwo amene mu 1998 anasandulika masekondale oyendera a m'madera, otchedwa CDSS. Mu 2008 pologalamu ya Tikwere inayamba kumveka pa wailesi ya MBC, ndi maphunziro a ana a makalasi oyambirira. Ntchitoyo inali ndi thandizo la dziko la America ndipo inafika kumapeto mu 2012. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, wailesi inaitanidwanso kudzathandiza. M'zoyesa zonsezi chinthu chimodzi chinaoneka poyera: wailesi inkapindula pamene panali mphunzitsi woimirira pamaso pa ana ndi kutsogolera zimene liwu la m'wailesi likunena.

Matabuleti anabwera pofuna kuyankha vuto lakale. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Muyezo wa Boma ndi wakuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi oyambirira a sukulu zambiri ana amapitirira 100. Mphunzitsi wotere, ngakhale akhale waluso chotani, sangathe kumva mwana aliyense akuwerenga. Mu 2013, pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, akatswiri a yunivesite ya Nottingham anayesa mapologalamu a masamu a bungwe la onebillion, olankhula Chichewa, kwa masabata 8, ndipo anapeza kuti ana amene anawagwiritsa ntchito anapita patsogolo kuposa anzawo. Mu 2019 bungwe lomwelo linali limodzi mwa awiri amene anapambana mphotho ya dziko lonse ya Global Learning XPRIZE.

Pa maziko amenewa Boma linakhazikitsa ntchito ya BEFIT, mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO. Inayamba m'sukulu 500 mu 2023, ndipo cholinga chimene chinalengezedwa n'chakuti pofika 2029 ifike m'sukulu zonse za pulayimale za Boma, pafupifupi 6,000, ndi kutumikira ana a Sitandade 1 mpaka 4. Tabuleti imalankhula ndi mwana m'chinenero chake, imampatsa ntchito yolingana ndi pamene wafika, ndipo imamuuza pomwepo ngati wakhoza. Kunena zoona, tabuleti si loboti, pakuti ilibe ziwalo. Ili m'gulu loyamba lija, la makina ophunzitsa mwana. Koma ikafika pa sukulu imabwera ndi magetsi a dzuwa, malo osungira otetezeka, ndi aphunzitsi amene azolowera kugwira makina. Zimenezi ndizo maziko amene gulu lachiwiri lingamangidwepo.

Pali chenjezo lochokera ku Peru, dziko limene linagawa makompyuta aang'ono oposa 800,000 kwa ana a sukulu. Kafukufuku wa banki ya Inter-American Development Bank, wotuluka mu 2012, anapeza kuti ana anaphunzira ndithu kugwiritsa ntchito makinawo, koma pa masamu ndi pa kuwerenga sanapose anzawo amene sanalandire. Makinawo anagawidwa popanda kuwamangirira ku phunziro la tsiku ndi tsiku ndiponso popanda kukonzekeretsa mokwanira aphunzitsi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chinthu chonyezimira chimakondweretsa alendo pa tsiku lochipereka, koma muyeso wake weniweni ndi zimene mwana akudziwa pakutha pa chaka.

Zimene zinachitika ku Kasungu

Umboni wa njira yachiwiri uli pafupi, kuseri kwa nkhalango ya Nkhotakota. Mu Juni 2017 Boma ndi bungwe la UNICEF anatsegula ku Kasungu dera loyeserako ndege zazing'ono zopanda woyendetsa, zimene anthu amazitcha madroni, la makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege. Droni ndi loboti louluka: lili ndi zomvera, kakompyuta ndi ziwalo. Mu Novembala chaka chomwecho ophunzira a ku Malawi, motsogoleredwa ndi aphunzitsi a yunivesite ya Virginia Tech, anapanga ndi manja awo madroni a zipangizo zotsika mtengo, ndipo imodzi inauluka yokha makilomita 19 kuchokera pa chipatala cha Gogode kufika pa bwalo la ndege la Kasungu.

Kuchokera m'ntchito imeneyi munabadwa sukulu ya African Drone and Data Academy, imene inatsegulidwa ku Lilongwe mu Januwale 2020 mogwirizana ndi yunivesite ya sayansi ya MUST ya ku Thyolo, ndipo inalandira achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa.  Mu mzinda womwewo muli mHub, malo amene Mayi Rachel Sibande anakhazikitsa mu 2013, kumene ana ndi atsikana akhala akuphunzira kulemba malangizo a kompyuta. Koma zonsezi zakhala zikuchitika makamaka m'mizinda ndi m'masukulu aukachenjede, ndipo mwana wa ku Mwansambo kapena ku Dwambazi amazimva ngati za dziko lina.

Ku Kasungu komweko kunachokera umboni wina wolimba koposa. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sekondale chifukwa chosowa ndalama m'nyengo ya njala ya 2001 ndi 2002, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa, njinga yakale ndi mitengo ya bulugamu. Chimene chinamutsegula maso chinali buku la sayansi la m'laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulayimale. Nkhani yake imaonetsa kuti luntha la zopangapanga lilipo kale m'midzi. Aliyense amene anaonapo anyamata a kunyanja akupanga galimoto za mawaya, zokhala ndi chiwongolero chokhotetsa mateyala, amadziwa kuti mbewu ilipo. Chimene chimasowa ndi munthu wotsogolera ndi zipangizo zochepa zolumikiza masewerawo ndi masamu.

Zopinga zinayi

Chopinga choyamba ndi magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha mwa 100 aliwonse m'dziko muno ndiwo ankaunikira ndi magetsi a ESCOM, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Boma la Nkhotakota lili ndi malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 21, amene anayamba ntchito mu 2023, koma mphamvu yake imalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo sukulu imene waya sunafikepo sipindula nayo mwachindunji. Mwayi wake ndi wakuti timaloboti ta ana sitidya magetsi ambiri. Kabolodi ka micro:bit, kamene mu 2016 kanagawidwa kwa ana pafupifupi 1 miliyoni ku Britain, kamayenda ndi mabatire awiri aang'ono. Sola imodzi yokhoza kutchaja matabuleti ingathenso kutumikira kalabu ya maloboti.

Chachiwiri, ndipo chachikulu koposa, ndi mphunzitsi. Bokosi la zipangizo likaperekedwa kwa mphunzitsi amene sanaphunzitsidwe, limakathera m'kabati ya ahedi, lokiyidwa bwino, poopa kuti likaonongeka mlandu ugwera wosainira. Msonkhano wa masiku atatu sukwanira kusandutsa munthu kukhala wodziwa. Luso limeneli liyenera kulowa m'makoleji a aphunzitsi, monga ya Kasungu kwa a pulayimale ndi za Domasi ndi Nalikule kwa a sekondale, kuti mphunzitsi azituluka atalumikizapo kale waya ndi kulangizapo mota ndi manja ake. Palinso vuto la kusamuka: mphunzitsi mmodzi yekha wodziwa akasamutsidwa, ntchito yonse imafa naye. N'chifukwa chake pa sukulu iliyonse payenera kuphunzitsidwa awiri kapena atatu.

Chachitatu ndi kukonza. Kunyanja kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kutentha kumafupikitsa moyo wa mabatire. M'dzinja chinyezi chimadyetsa dzimbiri, pamene m'chilimwe fumbi ndi mchenga zimalowa paliponse. Zipangizo zonsezi zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera nthawi yomweyo. Ogula ayeneranso kuchenjera ndi kudalira kampani imodzi. Mabokosi a LEGO Mindstorms, amene anatchuka m'sukulu za maiko ambiri kuyambira 1998, analeka kupangidwa kumapeto kwa 2022. Mabolodi a mtundu wa Arduino, amene anayambira ku Italy mu 2005, mapulani ake ndi otsegukira aliyense, kotero amapangidwa ndi makampani ambiri, ndipo angalumikizidwe ndi mota za m'wailesi zakale, makatoni, nsungwi ndi mawaya.

Chachinayi ndi silabasi ndi mayeso. Mphunzitsi wa Fomu 4 amayesedwa ndi zotsatira za MSCE, ndipo chinthu chimene sichibwera pa mayeso a MANEB amachiona ngati chodya nthawi. Phunziro la kompyuta lilipo pa sekondale, koma ndi losankha, ndipo masekondale ambiri a m'midzi alibe chipinda chake. Yankho si kuonjezera phunziro lina pa ndandanda yodzaza kale. A ku Malawi Institute of Education ku Domasi, amene amakonza masilabasi, angasonyeze mitu ya Fizikisi, Masamu ndi Zaulimi imene kaloboti kangathandize kuimveketsa: kayendedwe ka magetsi m'waya, liwiro ndi mtunda, ngodya, kutentha ndi chinyezi cha nthaka. Mwana amene wawerengera kuti teyala lizungulire kangati kuti galimoto yake iyende mita imodzi saiwalanso kapezedwe ka kuzungulira kwa bwalo.

Pa chopinga chomwechi pali nkhani ya chinenero. Matabuleti anapambana chifukwa analankhula Chichewa. Maloboti akaphunzitsidwa ndi mawu a Chingerezi okhaokha, mwana adzaloweza mayina osamvetsa kanthu. Mphunzitsi ali ndi ufulu wofotokoza m'Chichewa, kapena m'Chitonga kumpoto kwa bomali, kuti ichi ndi diso, uwu ndi ubongo, uwu ndi mwendo, ndipo mawu a m'buku adzabwera pambuyo, mwana atagwira kale mutu wa nkhani.

Ntchito zimene zili pakhomo

Ana amalimbikira pamene aona kuti chimene akupanga chili ndi ntchito kwawo, ndipo Nkhotakota ili ndi ntchito zotere zambiri. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira m'dera la Dwangwa anasamutsa anthu zikwizikwi ndi kuononga msewu wa m'mphepete mwa nyanja. Kachipangizo koyeza kukwera kwa madzi mumtsinje ndi kuliza belu akafika pa muyezo woopsa n'kosavuta kotero kuti ana a Fomu 2 angakapange. Sikangalowe m'malo mwa chenjezo la a zanyengo, koma mwana amene wakapanga amamvetsa tanthauzo la chenjezolo ndipo amalifotokozera makolo ake. Chimodzimodzi, kachipangizo koyeza kutentha ndi chinyezi pa thandala loyanikira usipa, kapena kodziwitsa mlimi wa mpunga kuti madzi achepa m'munda, ndi phunziro la sayansi limene kholo lingalione ndi maso.

Ntchito zolipidwa nazonso zilipo m'boma lomweli. Fakitale ya shuga ya Dwangwa, imene inayamba mu 1979, imayenda ndi makina ofuna amisiri a magetsi ndi a zoyezera. M'nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, munabwera njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete m'zaka za 2016 ndi 2017, ndipo zina zinavekedwa makolala osonyeza kumene zili. Masola akuchuluka m'misika ndi m'nyumba, ndipo onse amafuna wokonza. Ntchito zoterezi zikapezeka, kawirikawiri zimatengedwa ndi anthu ochokera kutali, chifukwa ana a pamalopo sanakonzekeretsedwe. Koleji ya luso la manja ya Mbandira ingakhale mlatho pakati pa kalabu ya pa sukulu ndi ntchito zimenezi.

Atsikana asasiyidwe m'mbuyo. Mu 2019 atsikana a sekondale ya Methodist ya ku Mamfe, m'dziko la Ghana, anapambana mpikisano wa maloboti wa Robofest ku Michigan, kuposa magulu a maiko olemera. Kunyanja, kumene mnyamata amakopeka ndi ndalama za msanga za usodzi ndipo mtsikana amakopeka ndi banja akali wamng'ono, chilichonse chimene chimapatsa mwana chifukwa chobwerera ku sukulu mawa n'chamtengo wapatali. Koma kalabu ikasiyidwa kuti idziyendetse yokha, anyamata amalanda zipangizo ndipo atsikana amasanduka oonerera. Ndi udindo wa mphunzitsi kuona kuti dzanja lililonse lagwirako.

Njira yoyenera kutsata

Poyang'ana zonsezi, dongosolo la nzeru likuoneka motere. M'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, mphamvu zonse zipite pa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera, mothandizidwa ndi matabuleti pamene afika. Mwana wosadziwa kuwerenga sangalembe malangizo a loboti, ndipo kumugulira loboti kuli ngati kupatsa ukonde munthu wopanda bwato. M'makalasi apamwamba a pulayimale ana angaphunzire kaganizidwe kake popanda makina alionse: mwana mmodzi akhale loboti, anzake amlembere malangizo oyendera pabwalo kufika pa mtengo wakutiwakuti, ndipo aone chimene chimachitika malangizo akapereŵera. Phunziro limeneli silifuna tambala.

Zipangizo zenizeni ziyambire ku sekondale, ndipo zisagawidwe mwa chimwazamwaza. Bokosi limodzi pa sukulu iliyonse limangokhala chokongoletsa ofesi. N'kwabwino kuika mabokosi okwanira kalasi yonse pa malo amodzi, monga sekondale imene ili likulu la masukulu oyandikana kapena malo osonkhanira aphunzitsi a m'zoni otchedwa TDC, kuti aziyenda mwa kasinthasintha, monga momwe sitima ija inkayendera m'madoko. Pa ndalama zogulira, gawo lina lipatulidwe pachiyambi pomwe kuti likhale la mabatire, zosinthira ndi kuphunzitsa aphunzitsi. Ofesi ya maphunziro ya boma isunge kaundula wosonyeza zimene zikugwira ntchito ndi zimene zafa, ndipo lamulo linene momveka kuti chipangizo choonongeka pophunzira si mlandu wa mphunzitsi.

Mabungwe amene amabwera ndi mphatso za makina alandiridwe ndi manja awiri, koma Khonsolo ili ndi ufulu wowafunsa mafunso atatu asanatsitse katundu: adzaphunzitsa ndani, adzakonza ndani, ndipo thandizo likadzatha ntchito idzatsala m'manja mwa yani? Mafumu a madera a Malengachanzi, Kanyenda, Mwadzama ndi ena, pamodzi ndi makomiti a sukulu, adziwitsidwe kuyambira pachiyambi, pakuti sola ndi mabatire zimakopa akuba, ndipo mlonda weniweni wa katundu wa sukulu ndi mudzi umene ukuona phindu lake.

Aphunzitsi ena ali ndi nkhawa yakuti makina adzawalanda ntchito. Mbiri imene yafotokozedwa pamwambapa ikuonetsa zosiyana. Sitima inafuna aphunzitsi oti iwanyamule. Wailesi inafuna mphunzitsi woimirira kutsogolo. Tabuleti imafuna wina woona kuti mwana uyu wajomba masiku atatu ndi kupita kukafunsa kwawo. Makina amaposa munthu pa kubwereza chinthu chimodzi kambirimbiri osatopa, koma sadziwa kuti mwana wagona ndi njala, kapena kuti wakhala pa nyanja usiku wonse akuthandiza kukoka chilimira. Dziko limene likusowabe aphunzitsi zikwi zambiri silili pa ngozi yokhala ndi aphunzitsi otsala. Ngozi yeniyeni ndi yakuti makina angafike aphunzitsi asanakonzekere, n'kuolera m'makabati.

Tsono yankho la funso lija ndi lakuti malo alipo, koma ntchito iyambire pa mphunzitsi, pa magetsi ndi pa kuwerenga, ndipo loboti libwere pambuyo pake monga chida cha m'manja mwa mwana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Boma la Nkhotakota likasankha masekondale ochepa, kuphunzitsa aphunzitsi ake bwinobwino, ndi kuyesa zotsatira moona mtima pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, lidzakhala ndi umboni wouza maboma ena a kunyanja, kuchokera ku Karonga kufika ku Mangochi, chimene chimatheka ndi chimene sichitheka. Ntchito imeneyo ili m'manja mwa ahedi, alangizi a maphunziro ndi akuluakulu a Khonsolo, ndipo nthawi yoikambirana ndi pamene akukonza bajeti ya chaka chikudzachi.